Kumasula Mitolo ya Mafayilo pa Kulemba Malamulo

Mphunzitsi wa masiku ano alandira zida zambiri za ntchito yake kudzera pa kompyuta: mabuku, zithunzi zophunzitsira, mapepala a mayeso a zaka zapitazo, ndi mapulogalamu. Kawirikawiri zinthu zimenezi sizifika chimodzichimodzi. Zifika zitamangidwa pamodzi m'fayilo imodzi imene dzina lake lithera ndi .zip, kapena .tar.gz, kapenanso .tar.xz. Fayilo yotere tiitcha mtolo m'nkhani ino, pakuti mau amenewa ndiwo ayenera chinthu chimene munthu wasonkhanitsa ndi kuchimanga kuti achisenze pa ulendo umodzi.

Anthu ambiri amasula mtolo pakudinapo kawiri ndi mausi, ndipo njira imeneyo ilibe choipa pamene ili kugwira ntchito. Komatu ilipo njira ina yakale koposa, ndiyo kutsegula zenera lotchedwa Terminal ndi kulembamo lamulo ndi zala zanu. Inu amene muli kukonzekera uphunzitsi muyenera kuidziwa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, makompyuta ena, makamaka aja osungira sukulu yonse mabuku ake, alibe mausi kapena tizithunzi todinapo. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, munthu wolemba lamulo angathe kuona za m'kati mwa mtolo asanaumasule, nasankha malo amene zinthuzo zikagwere. Wosadziwa kutero angathe tsiku lina kukwirira kaundula wa malikisi a ana ake a chaka chonse ndi fayilo yopanda kanthu ya dzina lomwelo, kompyuta osamfunsa ngakhale liu limodzi.

Kumanga ndi kufinya

Tiyambe ndi kusiyanitsa ntchito ziwiri zimene ambiri aziyesa imodzi. Mlimi wa fodya ayamba wamanga masamba ake timitolo, ndipo pambuyo pake awadinda ndi jeke kuti belo lichepe msinkhu ndi kulowa bwino m'galimoto. Kumanga ndi ntchito ina, kudinda ndi inanso. Pa kompyuta n'chimodzimodzi: kumanga ndiko kuika mafayilo ambiri m'fayilo imodzi, kufinya ndiko kuchepetsa malo amene fayilo itenga.

Chida chomangira, chotchedwa tar, chidatuluka m'chaka cha 1979 pamodzi ndi Unix ya chisanu ndi chiwiri, ku Bell Laboratories ku America. Dzina lake ndi chidule cha mau awiri a Chingerezi onena za kusunga zinthu pa tepi, pakuti masiku amenewo mafayilo ankasungidwa pa matepi a maginito okulungidwa pa mikombero. Tepi siili ngati buku loti munthu atsegule tsamba lililonse limene afuna. Ayamba nayo kumayambiriro nayenda nayo mpaka kumapeto. Chifukwa chake tar ingondandalika mafayilo, ina pambuyo pa inzake. Patsogolo pa fayilo iliyonse iika kamutu ka mabaiti 512, konena dzina la fayiloyo, kukula kwake, mwini wake, ndi tsiku limene idasinthidwa komaliza. Baiti imodzi ndiwo malo a chilembo chimodzi wamba. Fayilo yeniyeniyo iidula m'zigawo za mabaiti 512, ndipo chigawo chotsiriza chikapanda kudzala, iika maziro pa malo otsalawo. Taonani tsono kuti kafayilo ka zilembo khumi zokha katenga mabaiti 1,024 m'kati mwa mtolo wa tar. Kumanga sikuchepetsa kanthu, ndipo nthawi zina kuonjezera.

Chida chofinyira chimene mudzakomana nacho kawirikawiri ndicho gzip, chimene adalemba Jean-loup Gailly ndi Mark Adler m'chaka cha 1992. Chisanabwere, anthu ankafinyira chida china chotchedwa compress. Koma njira yake, ya LZW, inali ndi mwini wake pamaso pa lamulo, ndiye kampani ya Unisys, kotero kuti padafunika chida choti aliyense agwire mwaufulu. Gzip sidziwa kumanga. Ifinya fayilo imodzi basi. Ndicho chifukwa chake dzina la mtolo likhala ndi michira iwiri. Mukaona maphunziro.tar.gz, muwerenge kuyambira kumapeto: gz ikuuzani kuti ntchito yotsiriza inali kufinya, tar ikuuzani kuti chinthucho chisanafinyidwe chidayamba chamangidwa. Pomasula muyamba ndi mfundo imene idamangidwa pomaliza. Mchira wakuti .tgz ndi chidule chabe cha .tar.gz. Michira yakuti .bz2 ndi .xz itchula zida zina zofinyira. Bzip2 adailemba Julian Seward m'chaka cha 1996, ndipo xz ifinya koposa zinzakezo, ngakhale itenga nthawi yaitali pofinya.

Chimene chituluka pofinya

Belo la fodya lichepa chifukwa jeke itulutsa mpweya umene unali pakati pa masamba. Nanga m'fayilo mutuluka chiyani, popeza mulibe mpweya? Mutuluka kubwereza. Pano tiimepo pang'ono, pakuti nkhaniyi ikhudza chilankhulo chathu.

M'chaka cha 1977 Abraham Lempel ndi Jacob Ziv a ku Haifa, m'dziko la Israel, adafalitsa njira iyi: mau akabweranso kachiwiri, musawalembenso, mungolozera kumene adaoneka poyamba. Tengani mau akuti "pang'ono pang'ono". Liu loyamba lili ndi zizindikiro 8, tikawerengera ndi kachizindikiro ka m'mwamba kaja ka ng'. Kenaka pabwera mpata. M'malo molemba liu lachiwiri, chida chofinyira chilemba kalangizo kakuti, bwerera m'mbuyo malo 9, ukopere zizindikiro 8. Pa mau awiri okha phindu lake n'lochepa. Koma werengani tsamba limodzi la buku la Chichewa, muone kuti "ndipo", "chifukwa", "kuti" ndi "amene" abwera kangati, ndi kuti zigawo za mau monga "-ngathe" ndi "-dwa" zibwerezedwa motani. Gzip ikumbukira mabaiti 32,768 amene yangodutsamo, ndipo kanthu kalikonse ka zilembo zitatu kapena kuposapo kamene kaonekanso m'kati mwa mtunda umenewo ingathe kukasandutsa kalangizo.

Pamwamba pa njira imeneyi aonjezapo ina ya David Huffman, amene adaipeza ali wophunzira ku MIT, naifalitsa m'chaka cha 1952. Nzeru yake ifanana ndi ya anthu oimba lamya ndi zizindikiro za Morse, mmene chilembo E, chimene chichuluka m'Chingerezi, chili kadontho kamodzi kokha, pamene Q itenga zizindikiro zinai. Chilembo chobwera kawirikawiri chipatsidwa chizindikiro chachifupi, chosowa chipatsidwa chachitali. M'nkhani ya Chichewa chilembo a chidzalandira chachifupi, ndipo q ndi x, zimene sitilemba m'mau athu, sizidzawerengedwa konse. Chokondweretsa ndi chakuti gzip sidziwa Chichewa kapena Chingerezi. Iwerenga zilembo za m'fayilo yomweyo, nipanga ndandanda ya zizindikiro kuchokera pa zimene yapeza. Buku lake la malangizo linena kuti nkhani yolembedwa ichepa ndi magawo 60 mpaka 70 pa 100.

Pa ntchito yonseyi palibe chilembo chitayika. Chimene mumasula ndicho chomwecho chidafinyidwa. Ndiponso zithunzi za JPEG ndi nyimbo za MP3 zidafinyidwa kale mwa njira yaoyao, motero musadabwe mukaona mtolo wa zithunzi uli pafupifupi wolingana ndi zithunzi zomwezo. Belo lodindidwa kale silidindikanso.

Kuona, kukonza malo, kumasula

Tsono tifike pa malamulo. Tiyese kuti mwalandira maphunziro.tar.gz, ndipo mwatsegula Terminal m'foda imene muli mtolowo. Lamulo loyamba lisakhale lomasula. Likhale ili:

tar -tzf maphunziro.tar.gz

Chilembo t chipempha ndandanda ya za m'kati, z chinena kuti mtolowo udafinyidwa ndi gzip, ndipo f chinena kuti mau otsatira ndiwo dzina la mtolo. Palibe chimene chilembedwa pa kompyuta yanu. Maina okha ndiwo aoneka. Yang'anani chiyambi cha maina amenewo. Ngati onse ayamba ndi foda imodzi, monga maphunziro/masamu.txt ndi maphunziro/malikisi.csv, womanga anali munthu waulemu, ndipo zonse zidzagwera m'foda imodziyo. Koma ngati maina ali okhaokha, masamu.txt, malikisi.csv, ndi ena mazana atatu, mtolo umenewo udzamwazika pamene mwaimapo, nusakanikirana ndi mafayilo anu.

Kusakanikirana n'kotopetsa chabe. Choopsa ndi ichi: tar ikapeza fayilo yanu ya dzina lofanana ndi ya mu mtolo, iichotsa niikapo yatsopano mwakachetechete, ndipo yakaleyo sipita ku bini kumene mukadaitola. Ambiri a ife titcha mafayilo athu maina ofanana, malikisi, kaundula, mayeso. Kotero ngozi imeneyi siili kutali monga tiganizira. Mankhwala ake ndi malamulo awiri:

mkdir zatsopano
tar -xzf maphunziro.tar.gz -C zatsopano

Loyamba lipanga foda yopanda kanthu. Lachiwiri limasula, pakuti x ndicho chilembo chotulutsira, ndipo C wamkulu alozera kumene zinthu zikagwere. Fodayo iyenera kukhalapo kale. Tar siipanga yokha. Ine ndiona kuti n'kwabwino kuchita chomwechi nthawi zonse, ngakhale pamene ndandanda ioneka yaulemu, pakuti kulemba mkdir kutenga kanthawi kochepa kuposa kuwerenga maina mazana atatu. Mukafuna kumasulira pakati pa mafayilo anu, onjezani chilembo k, ndipo tar idzasiya fayilo iliyonse imene ilipo kale. Chilembo v chichititsa kuti dzina lililonse lioneke pamene lili kutuluka.

Pali msampha umodzi umene ukola ophunzira ambiri. Popeza f atenga mau omtsatira kukhala dzina la mtolo, ayenera kukhala wotsiriza pa gulu la zilembo. Mukalemba tar -xfz maphunziro.tar.gz, chidacho chipita kukafuna mtolo wotchedwa z, nichidandaula kuti sichiupeza. Zilembo zonena mtundu wa kufinya zisintha ndi mchira: z wa gzip, j wamng'ono wa bzip2, J wamkulu wa xz. Koma tar ya GNU, imene ili pa makompyuta ambiri a Linux, kuyambira m'chaka cha 2004 izindikira yokha mtundu wa kufinya pomasula, kotero kuti tar -xf ndi dzina la mtolo zikwanira pa mitundu yonse itatu. Pa Mac tar ilipo, ndipo Windows 10 idalandira yake m'chaka cha 2018.

Amene afuna kuona ntchito ziwiri zija ndi maso ake alembe chotere:

gzip -dc maphunziro.tar.gz | tar -xf -

Kamzere koimirira kaja ndi paipi. Gzip ifutukula mtolo nitsanulira zotuluka m'paipimo, ndipo tar ilandira kumbali inayo nimasula. Kamzere kogona ka kumapeto kauza tar kuti iwerenge za m'paipi m'malo mwa fayilo. Chilembo z chimene tidalemba poyamba chingochita zomwezi mobisika.

Mukafuna fayilo imodzi yokha, lembani dzina lake pambuyo pa dzina la mtolo, ndendende monga lidaonekera pa ndandanda. Ndipo mukalandira fayilo ya mchira umodzi, monga nthano.txt.gz, mulibe mtolo mmenemo. Lembani gunzip nthano.txt.gz. Dziwani kuti gunzip ikatha ntchito ichotsa fayilo yofinyidwayo nisiya yomasulidwa yokha, pokhapokha mutaonjeza -k.

Za zip

Mtundu wa zip udachokera kwina. Adaupanga Phil Katz wa ku Milwaukee m'chaka cha 1989, pa makompyuta a DOS, ndipo kufikira lero mtolo wa zip uyamba ndi zilembo ziwiri za dzina lake, PK. Njira yofinyira imene gzip igwiritsa ntchito, yotchedwa Deflate, idachokeranso kwa iye. Kusiyana kuli pa dongosolo la ntchito. Tar.gz imanga poyamba nifinya mtolo wonse pamodzi. Zip ifinya fayilo iliyonse payokha, niimanga pambuyo, niika ndandanda ya zonse kumapeto kwa mtolo.

unzip -l mabuku.zip
unzip mabuku.zip -d zatsopano

Loyamba lionetsa ndandanda pamodzi ndi kukula kwa fayilo iliyonse ikadzamasulidwa. Lachiwiri limasulira m'foda, ndipo unzip ipanga fodayo yokha ngati palibe. Unzip ili ndi mwambo kuposa tar, pakuti ikapeza dzina lofanana iyamba yafunsa. Amene atopa ndi mafunso naonjeza -o wadzichotsera yekha mlonda ameneyo.

Dongosolo ili liri ndi zotsatira zake pamene intaneti yaduka mtolo usanathe kufika, chinthu chimene mphunzitsi wa kumudzi achidziwa bwino. Mtolo wa tar.gz wodukira pakati utulutsa mafayilo oyamba mpaka pamene padadukira, ndipo kenaka gzip ilemba kuti "unexpected end of file", ndiko kunena kuti fayilo yatha isanayenere kutha. Mtolo wa zip wodukira pakati wataya ndandanda yake, popeza inali kumapeto, ndipo unzip ikana kuyamba komwe, nilemba kuti "End-of-central-directory signature not found". Mau amenewa asakuopseni. Kawirikawiri kompyuta ili bwino, mtolo ndiwo sudafike wonse. Koma kumbali ina zip ipambana: malo amodzi akaonongeka pakati pa mtolo, fayilo imodzi yokha ndiyo itayika, pamene pa tar.gz zonse za patsogolo pa bala limenelo zivuta kupulumutsa. Malamulo akuti unzip -t ndi gzip -t ayesa mtolo ngati uli wamphumphu, osatulutsa kanthu.

Mchira wa dzina ungathe kunama, pakuti aliyense angathe kusintha dzina la fayilo. Lamulo lakuti file, lotsatidwa ndi dzina, lisiya mchira niliwerenga mabaiti oyamba, nilikuuzani chimene chinthucho chili. Yesani pa kalata imene mudalemba ndi Word, ya mchira .docx, kenaka mulembe unzip -l pa kalata yomweyo. Mudzapeza kuti ndi mtolo wa zip, ndi kuti mau anu onse ali m'kafayilo kotchedwa word/document.xml. Mabuku a mchira .epub ali chimodzimodzi.

Iliponso mitolo yopangidwa dala kuti ivulaze. Wodziwika koposa ndiwo 42.zip, wa makilobaiti 42 okha, umene uli ndi mitolo m'kati mwa mitolo, khumi ndi isanu ndi umodzi pa nsanja iliyonse. Ukamasulidwa wonse ufuna malo a mapetabaiti 4.5, ndiwo magigabaiti oposa mamiliyoni anai. Chinsinsi chake ndi kubwereza komwe kuja, pakuti chilembo chimodzi chobwerezedwa kosatha chifinyika pafupifupi ka 1,000. Mtolo wochokera kwa munthu wosamdziwa, umene ndandanda yake ionetsa mitolo inanso yokhayokha, musiyeni. Chenjeraninso ndi maina oyamba ndi kamzere kopendekeka, kapena okhala ndi madontho awiri otsatizana, pakuti otere afuna kutuluka m'foda imene mwakonza kukalemba kwina. Tar ya GNU ichotsa kamzere koyambako ndi kukana maina a madontho awiriwo, koma zida zina zakale zilibe chitetezo chimenechi.

Maina a Chichewa

Chatsala chinthu chimodzi chimene mabuku a Chingerezi a malangizo sachilabadira kwenikweni, koma ife chitigwera msanga. Pa Terminal ya Linux ndi ya Mac, kachizindikiro ka m'mwamba kamene tilemba mu ng' ndi mu m' kali ndi ntchito yake: katsegula mau ogwidwa. Mukalemba unzip ng'ombe.zip, Terminal iyesa kuti mwatsegula mau amene simunatseke, motero ionetsa kachizindikiro > pa mzere watsopano niyembekeza. Wophunzira ayesa kuti kompyuta yafa. Dinani Ctrl ndi C pamodzi kuti mutuluke, ndipo mulembenso dzinalo pakati pa zizindikiro ziwiriziwiri:

unzip "ng'ombe.zip"

Dzina lokhala ndi mpata, monga "nthano za kalulu.zip", lifunanso zizindikiro zomwezo, pakuti popanda izo Terminal iona mau atatu osiyana. Njira yachidule ndiyo kulemba zilembo zoyamba za dzina ndi kudina batani la Tab. Terminal imaliza dzinalo yokha, niikamo zotetezera zoyenera.

Chilembo ŵ chili ndi vuto lina. Pamene zip inkapangidwa, maina a mafayilo ankalembedwa ndi ndandanda ya zilembo 256 za makompyuta a IBM, ndipo ŵ mudalibe mmenemo. Njira yolembera maina ndi UTF-8, imene ili ndi malo a zilembo za zilankhulo zonse, idalowa m'malamulo a zip m'chaka cha 2006, koma si chida chilichonse chimene chiitsata bwino. Motero fayilo imene mnzanu adaitcha Malaŵi.txt ingathe kutuluka ndi tizizindikiro tachilendo pa malo a ŵ. Za m'kati mwake zili bwino. Dzina lokha ndilo lavulala, ndipo mungathe kulikonza ndi lamulo lakuti mv, lotsatidwa ndi dzina lakale ndi latsopano, mutalola Tab kukulemberani lakalelo. Pa mafayilo amene mudzamanga kuti mutumize ku sukulu zina, lembani w wamba pa dzina la fayilo, muike kamzere kogona pa malo a mpata, ndipo ŵ ndi ng' muzisunge m'nkhani ya m'katimo, mmene kufinya ndi kumasula sikuzikhudza.